Apongozi akuseka, inu muli duu

Mayi wina wandilembera kuchokera ku Leicester. Anakwatiwa m'banja la anthu a ku Pakistan, ndipo madzulo aliwonse apongozi ake amaonera masewero akale a Chiurdu, kuseka mpaka misozi, iye ali duu ngati chitsa. Akufunsa kuti ayambire pati kuti nayenso azisekako.

Achemwali, kalata yanuyi yandifikitsa kutali. Mu 1996 ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe, kusamala agogo ena amene miyendo inali itawakana. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe wailesi yakanema, TVM inadzabwera mu 1999, koma agogowo anali ndi katoni yodzaza makaseti a vidiyo. Ine ndinkawasisita mapazi ndi mafuta, maso ali pa kanema, osamvapo liwu ndi limodzi lomwe. Tsiku lina ndinaseka mpaka kutayira tiyi pa kapeti, mtengwa wa m'nyumbamo n'kundidula malipiro. Mpaka lero zimandiwawa. Kapeti yake inali yothaitha kale.

Chinandiseketsacho chinali Aangan Terha, sewero la 1984 lolembedwa ndi Anwar Maqsood. Muli wantchito dzina lake Akbar, yemwe kale anali katswiri wovina, ndipo amawayankha adona ake mopanda mantha, mawu amene ine ndinkangowameza ndi malovu. Amene ankasewera ngati adonawo anali Bushra Ansari. Agogo ankandimasulira m'Chichewa chawo chothyokathyoka, nthawi zina n'kuloza kumwamba ndi chala, kutanthauza kuti apa akunena boma. Seweroli linalembedwa nthawi ya ulamuliro wa asilikali wa Zia-ul-Haq ku Pakistan, ndiye wolemba ankabisa minga m'mikangano ya mwamuna ndi mkazi wake. Ife amene tinakula nthawi ya Kamuzu kulankhula mokuluwika kotere timakudziwa.

Koma wolemba masewero amene ndimamugwadira ndi Haseena Moin, yemwe anamwalira ku Karachi mu 2021. Atsikana a m'masewero ake sakhala pakona kudikira mwamuna. Sana wa mu Ankahi, la 1982, ndi wopupuluma, wapakamwa, amalakwitsa zinthu ku ofesi koma sagonja. Mu Tanhaiyan, Zara ndi Sanya makolo awo amafa pa ngozi, amakakhala kwa mchemwali wa mayi awo, ndipo mtima wa Zara uli pa kuwombola nyumba ya makolo ake. Za ukwati zimabwera pambuyo. Pakati pa chisoni chonsecho pali Qabacha, munthu woti ukangomuona nthiti zimayamba kupweteka.

Ndinene mosabisa, ambiri mwa masewero a masiku ano sindiwafuna. Mtengwa kulira, apongozi kumuzunza, mwamuna kumumenya mbama, magawo makumi atatu osatha. Akalewa ankatha msanga, Tanhaiyan ndi magawo 13 basi. Ndipo amene amati nthabwala ndi zachibwana sanakhalepo m'nyumba ya eni ake.

Ndiye muyambire pati?

Tanhaiyan, kenako Ankahi. Aangan Terha mudzaonere pambuyo chifukwa nthabwala zake zili m'mawu. Mungawapeze pa YouTube. Gwirani liwu ili: rishta, kutanthauza nkhani yofunsira mbeta, ija kwathu amayendetsa ankhoswe. Mukalimva, dziwani kuti mkangano wayandikira. Koma musaonere panokha pa foni. Khalani pafupi ndi apongozi anuwo, akaseka muziwafunsa kuti wati chiyani ameneyu. Tiyi yekha muziika patali.