Agogo Asaletsedwe Kulankhula Chitumbuka ndi Mdzukulu Wawo

Mayi, mwalemba kuti mwana wanu wa zaka 4 wayamba sukulu ya mkaka ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, ndipo aphunzitsi akuuzani kuti kunyumba muzimulankhula Chingerezi chokha, choncho mukufunsa ngati n'koyenera kuwaletsa agogo ake kumulankhula Chitumbuka. Mwatinso mukuda nkhawa chifukwa mwanayo amalankhula yekha akamasewera.

Ndiyambe ndi nkhawa yachiwiriyi, popeza yankho la funso loyamba lagona pomwepo. Katswiri wa ku Russia, Lev Vygotsky, yemwe anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha, anaona kuti mwana akamadzilankhulira amakhala akudzilangiza ndi mawu amene anawamva kwa akuluakulu, ndipo akamafika zaka 7 mawuwo amasiya kutuluka pakamwa n'kusanduka maganizo a mumtima. Tsiku lina mudzamvetsere akuphika masanje m'kachitini kuseri kwa nyumba. Mudzamumva akuti, "moto wachepa, ndisonkhezere kaye," ndipo mudzazindikira kuti mawuwo ndi anu.

Vygotsky ananenanso kuti chimene mwana achita lero mothandizidwa ndi wamkulu, mawa adzachichita yekha. Agogo akamasankha nyemba palichero ndi mdzukulu wawo, kumuonetsa zofumbwa, kumufunsa kuti mulu waukulu ndi uti, kenaka n'kumusiya kuti apitirize yekha, akumuphunzitsa kusiyanitsa ndi kuwerengera zinthu, omwe ndi maziko a masamu. Ntchito imeneyi imafuna chiyankhulo chimene agogowo angathe kufotokozera, kuseka nacho ndi kusimbira nthano. Mukawakakamiza Chingerezi adzatsala ndi mawu awiri atatu olamula, kenaka adzangokhala chete, ndipo wotaya zambiri ndi mwanayo.

Aphunzitsiwo sindikuwaweruza. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo, koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo, ndiye mantha akuti mwana angatsalire ndi omveka. Komabe kafukufuku wa katswiri wa maphunziro wa ku Canada, Jim Cummins, anasonyeza kuti luso limene mwana walipeza m'chiyankhulo choyamba limamuthandiza m'chachiwiri. Mwana wodziwa kulondoloza nthano ya Kalulu m'Chitumbuka sayambiranso kuphunzira kuti nkhani ili ndi chiyambi ndi mathero; amangofunika mawu atsopano.

Kusakaniza ziyankhulo kusakuopseni. Kuno ku Mzuzu mwana amamva Chitumbuka kunyumba, Chichewa kwa anzake, Chitonga kwa amayi ogulitsa usipa mumsika, ndipo akamakula amadziwa yekha cholankhula ndi yani. Ine nkhawa yanga ili pa foni yomwe timawapatsa kuti atisiye tipume, chifukwa katuni sayembekezera yankho la mwana, ndiponso samukonza akalakwitsa.

Chingerezicho muzimuwerengera kabuku ka zithunzi madzulo, mukumufunsa zimene akuona, ndipo akayankha m'Chitumbuka mulandire yankholo, kenaka mumuuze mawu ake a Chingerezi. Koma ngati satembenuka mukamuitana, kapena satha kulumikiza mawu m'chiyankhulo chilichonse, mupite naye kuchipatala akamuyeze makutu.