Funsani Zamagetsi: ndikapange dipuloma kapena ndizingopitiriza mawaya?

FUNSO

Zikomo akulu. Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala ku Lilongwe. Ndinapanga satifiketi ya electrical installation ndipo pano ndimapanga maganyu oika mawaya m'nyumba za anthu, ndalama zimapezeka ndithu koma ndi zodya lero lomwe. Chimandipweteka n'choti pa site akabwera injiniya ndi mapepala ake amangoloza kuti apa waya wakuti, apa breaker yakuti, ine n'kumangoti chabwino bwana osadziwa kuti manambalawo awatenga kuti. Ndikufuna ndikapange advanced diploma mwina mpaka digiri, koma masamu pa MSCE ndinapeza 7. Anzanga akuti ndikangotaya ndalama poti ntchito ndikuidziwa kale. Nditani?

Wowerenga, Area 25

YANKHO

Achimwene pitani kusukulu, koma musayambe ndi kulipira fizi, yambani ndi masamuwo.

Anzanuwo sakunama kuti ntchito ya manja mukuidziwa, kungoti ku dipuloma sakakuphunzitsaninso kukumba khoma kapena kupinda conduit ayi. Kumeneko funso limasintha, amafuna muwauze chifukwa chake waya ukhale wa saizi imeneyo osati ina, ndipo yankho lake limakhala nambala yoti mwaiwerengera nokha n'kusainira.

Titenge chigayo. Munthu wagula mota ya 15 kW ya three phase, akuti mundilumikizire. Inu mukudziwa kuti m'nyumba timalandira 230 volts ndipo pa three phase ndi 400, koma 400 ameneyu sanangogwa kumwamba, ndi 230 kuchulukitsa ndi 1.732, square root ya 3, ndipo 1.732 yemweyo akuchokera poti ma phase atatu aja amasiyana ndi ma degree 120, nde mwaona trigonometry yalowa kale tisanagwire n'komwe screwdriver. Kenako mota sidya magetsi ngati mbaula, pali power factor pali efficiency, manambala osonyeza kuti si magetsi onse amene yakoka amasanduka ntchito, mukatenga 0.85 ndi 0.9 mupeza kuti ikukoka pafupifupi 28 amps ikamayenda bwinobwino, koma poyamba kuzungulira imakoka mwina kasanu kapena kasanu ndi kawiri kuposa pamenepo, n'chifukwa chake magetsi amaphethira m'nyumba zoyandikana ndi chigayo akangochiliza. Star-delta starter ija mumaiona m'bokosi ntchito yake ndi kutsitsa kukoka koyambako kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye muonjezere kutalika kwa waya kuchokera pa thiransifoma, voltage drop, waya akudutsa pansi kapena m'mwamba, akutentha bwanji. Zonsezi ndi zimene zili m'mapepala a injiniya uja, palibe matsenga.

Ndipo izi ndi zoyambira chabe. Mukapita patsogolo mukakumana ndi complex numbers, kachilembo j kamene kamaliza anthu ambiri, kenako calculus, ma Laplace transform ku control systems, kuwerengera fault current kuti mudziwe breaker yoti ingadule moto osaphulika. Anthu amene amagwa kumeneku kawirikawiri si opusa, ndi oti algebra ya Fomu 3 inawadutsa, kusuntha chilembo mu formula kumawatengera theka la ola nde mphunzitsi wafika kale pa bolodi lachitatu.

Tsono za 7 wanuyo. Pa MSCE 7 ndi pass, credit imathera pa 6. Kuyunivesite za boma amafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ku engineering masamu ndi physics amaziyang'ana ndi diso lofiira. Ine ndikanakhala inu ndikanalembetsa ku open school, ndikalembenso masamu ku MANEB, chaka chimodzi basi uku maganyu akuyenda. Ena amachita manyazi kukhala pa desiki ndi ana a zaka 17, koma chaka chimenecho chikupatsani zinthu ziwiri, pepala lotsegula chitseko komanso mutu woti ukafika ku dipuloma usakazizidwe.

Kopita kulipo. Makoleji a zaluso a boma ndi othandizidwa ndi boma ngati Lilongwe Technical pafupi nanu pomwepo, Soche ku Blantyre, Nasawa ku Zomba, Mzuzu, Salima, ndi kumene anthu ambiri a zamanja amakwerera, ena amadzera mayeso a City and Guilds. Digiri ya electrical engineering iliko ku MUBAS, Poly yakale ija imene inaima payokha mu 2021 itachoka pansi pa University of Malawi, ndipo ndi ya zaka zisanu, osati masewera kwa munthu amene mwina ali kale ndi banja. Pitani nokha ku ofesi ya registrar ndi mapepala anu mukafunse kuti satifiketi yanu akuiwerengera pati, musamvere za pa WhatsApp. Ndipo ngati ndi koleji yoti si yaboma, musanapereke ngakhale 1 tambala funsani ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi TEVETA kapena NCHE, mabungwe oyang'anira maphunziro a zaluso ndi a ukachenjede, osati koleji yokha koma kosi imeneyo, komanso akuonetseni workshop. Mukapeza mulibe mota, mulibe thiransifoma, mulibe PLC (kakompyuta koyendetsa makina a m'fakitale) ngakhale imodzi, angokhala ndi choko ndi ma handout, bwererani.

Chinthu chimodzi musachipeputse, inu mukalowa m'kalasi muli ndi chimene ana ochokera ku Fomu 4 alibe. Akamati earth fault inu munaionapo, fungo la waya wopsa mumalidziwa, contactor munaigwirapo. Masamu akakhala pa chinthu choti munachigwira amalowa msanga. Nde maganyuwo musasiye, ngati ilipo ya weekend kapena yamadzulo tengani imeneyo, ndipo kuyambira mawa nyumba iliyonse mukuika mawaya muziyamba mwawerengera load pa pepala musanagule waya, kenako muyerekeze ndi zimene injiniya walemba. Ngati permit ya MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mulibe ikonzeninso, imeneyo ndi imene imakulolani kugwira ntchito yoika magetsi mwalamulo.

Za ntchito mukamaliza, sindikulonjezani kuti dipuloma ndi kalata yolowera ku ESCOM kapena EGENCO, ofuna kumeneko ndi ambiri. Koma taonani kumene dziko likupita. Magetsi athu ambiri amachokera pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022 tinataya pafupifupi 130 MW kamodzi n'kamodzi, mdima wake tonse tikuukumbukira. Masiku ano ambiri akuthamangira sola, ku Salima kuli ya 60 MW, ku Golomoti ya 20 MW yokhala ndi mabatire, ndiye mafakitale, zipatala, minda yothirira, onsewa akufuna munthu woti awerengere inverter, mabatire ndi chitetezo chake osati ongolumikiza red ku red. Mukamasankha kosi muone ngati muli power systems, machines ndi PLC.

Mukalemba masamu aja mutilemberenso, mutiuze mwapeza zingati ndi makoleji amene mwayendera, tidzaone limodzi kosi yoti mutenge.