Funsani Dokotala: Amuna anga ndi msilikali ndipo anatukwana atsogoleri, ndi mwano kapena akudwala?

Adokotala, ndikulemba kuchokera ku Santhe kuno ku Kasungu. Bambo a kunyumba ndi msilikali, anapita ku DRC kukasungitsa mtendere koma chibwerereni si munthu yemwe uja. Usiku sagona, akati agone amadzuka akukuwa thukuta lili kamukamu, njinga ya kabaza ikangophulitsa kumsewu amadzigwetsa pansi, mowa nde ndi daile. Mwezi wathawu ataledzera anajambula voisi kutukwana a Pulezidenti ndi nduna zawo, ati amatumiza ana a eni kukafa iwo ali phee m'maofesi, voisiyo inazungulira pa WhatsApp mpaka kufika kwa mabwana awo, pano akuti akayankhe mlandu. Alamu anga akuti awalange basi, msilikali sanyoza boma. Ine ndikuti munthuyu akudwala. Olondola ndani?

Mayi, pepani ndi zimene mukudutsamo. Inu ndi alamu anuwo nonse muli ndi mfundo, kungoti mukukamba nkhani ziwiri zosiyana.

Za chilangozo ine si loya, koma maganizo anga ndinena. Malamulo a dziko lino amati Pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali onse, ndipo munthu amene boma lamupatsa mfuti sangamalankhule za atsogoleri osankhidwa ndi anthu mmene tilankhulira ife pa minibasi. Ine ndi inu tikhoza kudandaula za boma mpaka kukhosi kuuma, ndi ufulu wathu, koma asilikali akayamba kusankha mtsogoleri woti amulemekeze ndi woti amunyoze dziko limalowera kolakwika. Ndipo si kuno kokha, ku America mu 2010 General Stanley McChrystal, yemwe ankatsogolera nkhondo ku Afghanistan, anachotsedwa paudindo ndi Barack Obama chifukwa cha mawu onyoza akuluakulu a boma amene iye ndi anyamata ake analankhula kwa mtolankhani. Nde musadabwe kuti mabwana awo sanaitenge ngati nthabwala.

Koma zimene mwafotokozazi, kulota zoopsa, kudzidzimuka ndi phokoso, kusagona, ukali, zikufanana kwambiri ndi vuto la maganizo limene timalitcha PTSD. Limabwera munthu akaona kapena kukumana ndi zinthu zoopsa kwambiri, ndipo ku DRC anyamata athu aona zambiri, mu November 2018 asilikali 6 a Malawi anaphedwa kufupi ndi tauni ya Beni, mu January 2025 enanso atatu anafa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23. Amene anabwerako amoyo ena ananyamula mitembo ya anzawo ndi manja awo. Chimene chimachitika n'chakuti ubongo unazolowera kuti ngozi ili paliponse, nde ngakhale munthu wafika pakhomo pake thupi limakhalabe tcheru, mtima kuthamanga, tulo kuthawa, kankhani kakang'ono kupsa nako mtima ngati wamuponda pachilonda. Masabata oyambirira zoterezi zimachitikira ambiri ndipo zimatha zokha, koma zikapitirira mwezi n'kumasokoneza ntchito ndi banja timati pafunika chithandizo. Si ufiti, si mantha a munthu wofooka ayi.

Mowawo ambiri amayamba kumwa kuti apeze tulo, koma umangogwetsa munthu maola ochepa kenako tulo timaduka pakati pa usiku maloto aja n'kubwera mwamphamvu, komanso umachotsa mabuleki a pakamwa, zimene munthu amangoziganiza mumtima zimatuluka zonse, foni ili m'manja. Chenjezo apa, ngati akumwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha kunyumba, kapena atatsekeredwa mu selo popanda wachipatala kumuona. Pakangotha maola 6 mpaka 24 munthu amatha kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, ena amakomoka ngati akhunyu, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu kumaona zinthu zoti palibe, izi zimapha. Mabwana awo akuyenera kudziwa zimenezi.

Sindinganene pano kuti ndi PTSD basi ndisanawaone. Pamafunika kufunsa ngati anavulalako m'mutu kapena bomba linaphulikira pafupi, ngati akusuta chamba, mankhwala amene akumwa, kuyeza magazi, chifukwa matenda ena nawonso amasintha khalidwe la munthu. Nde chochita ndi ichi, apite akaonedwe mlandu usanayambe, osati utatha. Ayambire ku chipatala cha kubalaki kwawo chifukwa lipoti la kumeneko ndi limene mabwana awo angalimve msanga, apo ayi pa chipatala chachikulu cha boma pa Kasungu pompo mufunse za kiliniki ya matenda a maganizo, ndipo a chipatala cha St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandizanso za maganizo ndi za mowa zomwe. Inu mupite nawo, azibambo ambiri akafika pamaso pa dokotala amangoti ndili bwinobwino, zakukuwa usiku amazidziwa ndi amene amagona pambali pawo.

Lipoti la dokotala silifufuta mlandu, musayembekezere zimenezo. Munthu wa PTSD nthawi zambiri amadziwa chimene akuchita, ndipo asilikali ambiri amene ali ndi vutoli sanatukwanepo munthu. Koma oweruza akadziwa kuti munthuyu ali bwanji amatha kuganizira popereka chilango, ndipo chimene ine ndimakana ndi kulanga kokha n'kumusiya choncho, kumuchotsa ntchito abwerere kumudzi ndi maloto ake omwewo ndi botolo lake, pamenepo vuto mwangolisamutsira kwa mkazi ndi ana.

Chithandizo chilipo ndipo ambiri amapeza bwino. Chachikulu ndi uphungu wapadera wothandiza munthu kuyang'anizana ndi zimene anaonazo pang'onopang'ono, kwa masabata angapo, ena amawonjezera mankhwala monga fluoxetine amene amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti aoneke mphamvu yake, nde asasiye sabata yoyamba ati sakugwira. Diazepam wogula pa kauntala kuti azigona ayi ndithu, sachiza vutoli, amazoloweretsa, ndipo kuphatikiza ndi mowa ndi ngozi.

China chimene simunandifunse. Munthu amene ali ndi mlandu, manyazi, mowa ndi kusagona pamodzi timamuopera kudzipha, nde afunseni mosapsatira ngati maganizo amenewo amawabwerera, kufunsa sikumupatsa munthu maganizowo. Akavomera, kapena akayamba kutsanzika ndi kugawa katundu wawo, musadikire tsiku la kiliniki, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo ndipo a kuntchito adziwe kuti asawapatse mfuti. Mankhwala a fodya ndi a mbewu achotseni m'nyumba. Ndipo ngati ukaliwo wafika pokukwezerani dzanja inu kapena ana, yambani mwachoka mukakhale kwa abale, zachipatalazo muzithandiza muli kumeneko. Alamu anu aja auzeni kuti tsiku lopita kuchipatala akuperekezeni.