Kodi Max Ernst mutu unkagwira?

FUNSO: Akonzi, ndaona pa intaneti chithunzi cha chinthu chonga njovu koma thupi ngati thanki, kutsogolo kwake kuli mzimayi wopanda mutu. Akuti anajambula ndi Max Ernst wa ku Germany. Mkuluyu mutu unkagwira bwinobwino kapena ankasuta?

YANKHO: Haha ayi achimwene, unkagwira ndithu. Chimene mwaonacho ndi Celebes cha 1921, pano chili ku Tate, nyumba yosungiramo zojambula ku London, ndipo thupi lomwe mukuti thankilo analitengera pa chithunzi cha nkhokwe yadothi ya ku Africa.

Ernst anabadwa mu 1891 ku Brühl pafupi ndi Cologne. Sukulu yojambula sanapiteko, ku yunivesite ya Bonn ankaphunzira filosofi ndi za maganizo a munthu, kenako anakamenya nawo nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndiye munthu woti waona anzake akufa chifukwa cha nzeru za akuluakulu mungamuuze kuti ajambule zomveka? Mu 1922 anapita ku Paris komwe anakhala mgulu la ma surrealist, anthu oti ankafuna kujambula zakumaloto.

Ine chimene chimandisangalatsa ndi cha 1925. Anali mchipinda cha hotela, kuyang'ana matabwa apansi okhukhuzika, basi anayalapo pepala nkumakhecha ndi pensulo monga ana amachitira ndi kandalama kachitsulo pansi pa pepala, mizere ya thabwa ija nkutuluka, iye nkumaonamo nkhalango, masamba, mbalame. Njirayi anaitcha frottage. Mbalame zokha ankazikonda mopitirira, mpaka anadzipangira yake dzina lake Loplop yomwe imangotulukira mzithunzi zambiri.

Koma anavutika mkuluyu. Mu 1937 a Nazi anaika ntchito zake pa chionetsero cha ku Munich chonyoza zojambula zomwe ankati nzonyansa, kenako mu 1939 a France nawo anamutsekera ku Camp des Milles poti ndi Mjeremani. Kwawo mdani, kwa eni mdaninso. Anathawira ku America mu 1941 mothandizidwa ndi Peggy Guggenheim, mayi wa ku America wosonkhanitsa zojambula, yemwe anakwatirana naye koma banja silinakhalitse. Mu 1954 anapata mphoto yaikulu ku Venice Biennale, chionetsero chachikulu cha zojambula cha ku Italy, anzake a gulu lija nkumuchotsa eti chifukwa cholandira ulemu. Anamwalira ku Paris pa 1 Epulo 1976, mawa lake akanakwanitsa zaka 85.