Mchemwali wanu watenga mwana wodwala: thandizo lenileni ndi liti?

Amayi, mwafunsa kuti mchemwali wanu ndi amuna awo atenga mwana wamasiye wa zaka zitatu, yemwe sakhala payekha, amagwa khunyu komanso amatsamwa akamadya, ndipo mukufuna kudziwa mmene inu abale mungathandizire. Shuga ndi sopo zimene mumapititsa n'zabwino, musasiye. Koma chimene chimagwetsa banja lotere ndi chakuti munthu mmodzi yekha ndiye amadziwa kumudyetsa mwanayo, kumupatsa mankhwala ndi kumugwira akakomoka. Tsiku limene mchemwali wanuyo adzagone ndi malungo, pakhomopo padzasowa mtengo wogwira. Choncho sankhani anthu awiri pabanja panu aphunzire ntchito yonseyi ndi manja awo, azipita nawo kuchipatala kukamva okha zimene adokotala akunena.

Tiyambe ndi kudya, chifukwa ana ambiri a cerebral palsy, vuto lolepheretsa mwana kulamulira bwino minofu yake limene zizindikiro za mwanayu zikufanana nalo, amafookera pamenepa. Vutoli limabwera ubongo ukavulala, mwina pobadwa mwana atachedwa kupuma, mwina chifukwa cha chikasu, malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Minofu yomezera siigwira bwino, ndiye chakudya chimalowera kunjira ya mpweya n'kukafika m'mapapo. Zotsatira zake ndi chibayo chobwerezabwereza. Kadyetsedwe kathu kaja komugoneka mwana chagada pamiyendo n'kumamuthira phala mkamwa n'koopsa kwambiri kwa mwana uyu. Mukhazikeni tsonga, msana wake utsamire pachifuwa panu kapena pakona ya nyumba mutaikapo mapilo, chibwano chiweramire pang'ono pachifuwa, mutu usagwere kumbuyo. Tengani supuni yaing'ono, ikani theka, dikirani mpaka muone pakhosi patayenda kuti wameza, ndiye muonjezere. Madzi ndi tiyi ndizo zimatsamwitsa msanga kuposa phala lolimbirako, choncho zakumwa muzimupatsa pang'onopang'ono ndi supuni kapena muzisakanize ndi phala zikhuthale. Akatsokomola, maso akalengeza misozi, kapena mawu akamveka ngati pakhosi pali madzi, imani kaye. Musapitirire mphindi 30 mukumudyetsa, amatopa ndipo akatopa ndi pamene amatsamwa. Ndi bwino adye pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. M'phala la Likuni kapena la mgaiwa thiranimo nsinjiro masupuni awiri, mafuta ophikira supuni yaing'ono imodzi, kapena dzira lipse nalo limodzi, kuti kochepa komwe wameza kakhale ndi mphamvu. Akamaliza akhalebe tsonga mphindi zina 30, kenako mupukute mkamwa, chifukwa zotsalira m'masaya zimatsamwitsa akagona. Kusikelo azipita mwezi uliwonse. Tepi yoyezera pamkono ikafika pofiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5, afunika chiponde ndi kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo.

Za khunyu. Sapatsirana, ngakhale thovu litakukhudzani, ndipo izi muwauze ndi anthu oyandikana nawo nyumba kuti asamathawe. Akayamba kugwa, chotsani mbaula ndi chilichonse chimene angadzivulaze nacho, mugonekeni cham'mbali kuti malovu atuluke, ikani chitenje pansi pa mutu, yang'anani nthawi pafoni. Supuni, chala kapena madzi zisalowe mkamwa. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangani naye kuchipatala. Mankhwala monga phenobarbital kapena sodium valproate amamwa tsiku lililonse nthawi yofanana, ngakhale patapita miyezi osagwa. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kukomoka kwakukulu kosaleka msanga. Pamene zimalakwika kawirikawiri ndi apa: mankhwala atha Lachisanu, ndalama yoyendera palibe, mwana akhala masiku atatu osamwa. Mmodzi wa inu atenge udindo wowerenga mapiritsi, kukatsala a sabata imodzi apite akatenge ena. Mlingo wake umayendera kulemera kwa mwana, ndiye akamakula adokotala amausintha. Musachepetse kapena kuonjezera panokha poona kuti akugona kwambiri, kanene kuchipatala. Gulani kope muzilembamo tsiku, nthawi ndi kutalika kwa kugwa kulikonse, ndipo ngati pali wina womugwira, jambulani kavidiyo pafoni kokaonetsa adokotala. Thupi likatentha akayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo azigona m'neti usiku uliwonse.

Phunzirani kuwerenga kupuma kwake ali phee, kwa mphindi imodzi yathunthu. Pamsinkhu wakewu, 40 kapena kupitirira ndi chizindikiro cha chibayo, makamaka ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma. Pitani naye kuchipatala, musadikire kuti kuche.

Mwana wosatembenuka yekha azitembenuzidwa maola awiri alionse masana. Pomusambitsa onani m'chiuno, m'matako, zidendene ndi kumbuyo kwa mutu. Malo akada kapena kutentha kuposa khungu lozungulira, chilonda chayamba, asagonerenso pamenepo. Thewera lonyowa lisakhalitse. Mafizo amene adzakuphunzitsani kuchipatala azichitika tsiku ndi tsiku, modekha, osakoka mwendo mwamphamvu, apo ayi mfundo zimauma ndipo kumuveka kapena kumukhazika kumavuta. Funsani a mafizo pachipatala cha boma lanu za mpando wapadera. Kalipentala wakwanu angathe kuukhoma atapatsidwa miyezo. A mafizowo angakutumizeni ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central kapena Mzuzu Central, ndipo za mafupa a ana ziliponso ku Beit CURE ku Blantyre.

Mapepala musawanyozere poganiza kuti ndi zapachibale. Mchemwali wanu ndi amuna awo apite ku ofesi ya Social Welfare pa boma akalembetse kuti mwanayo ali m'manja mwawo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limazindikira kulera mwana wa ena, pomwe kumutenga kuti akhale wanu mpaka kalekale kumadutsa kukhoti. Popanda zimenezi pamadzavuta posainira opaleshoni, kapena achibale a mbali ina akadzabwera ndi nkhani za chuma cha malemu. Akatengenso chiphaso chobadwira ku NRB, afunse ngati banjalo lingalowe mu Mtukula Pakhomo, ndipo alumikizane ndi PODCAM, bungwe la makolo a ana olumala, kuti akumane ndi anzawo amene akudutsa momwemo. Kabuku ka kuchipatala kazikhala m'pulasitiki pamalo amodzi odziwika kwa aliyense m'nyumbamo, masamba ake muwajambule pafoni.

Tsono gawanani masiku. Wina Loweruka akachape matewera ndi zofunda, chifukwa ntchito imeneyi ndiyo imathyola msana. Wina akagone kumeneko usiku umodzi pasabata kuti mchemwali wanu agone tulo tosadukiza. Sonkhani kandalama kosungidwa pafoni ka mayendedwe okha, ndipo mugwirizane ndi wakabaza kapena wagalimoto mmodzi amene adzayankhe ngakhale pakati pa usiku. Ngati m'nyumbamo muli ana ena, atengeni masiku ena akacheze kwanu, ndipo mtsikana wamkulu asajombe kusukulu chifukwa chosamalira mng'ono wake. Mukaona mchemwali wanu sakudya, akungolira kapena akupsa mtima msanga, musamudzudzule kuti anazifuna yekha. Mutengereni mwanayo masiku awiri, iyenso akaonane ndi achipatala.