Lembetsani limited, koma akaunti ya kampani isakhale thumba lanu

Achimwene, popeza loleyo mwagula awiri ndi alamu anu, ndipo mukufuna kontirakiti yonyamula masamba a tiyi ku Thyolo kuno, lembetsani kampani ya limited. Dzina la bizinesi lokha silikutetezani. Ngongole ikavuta, amagwira inuyo ndi katundu wanu, ngakhale nyumba ya ku Luchenza ija. Kampani imaima payokha pamaso pa lamulo. Ikagwa, mumataya zomwe munaikamo basi.

Kulembetsa ndi ku ofesi ya boma yolembetsa makampani, motsatira lamulo la makampani la 2013, ndipo mumayambira pa intaneti pa MBRS, tsamba la boma lolembetserapo mabizinesi. Kenaka TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA, ndi akaunti yakubanki m'dzina la kampani.

Ine kampani yanga ndi yogulitsa nthochi ku Limbe. Chaka choyamba ndinkangotapa m'akauntimo, lero za ndiwo, mawa fizi ya ana. Wowerengera ndalama nditamupatsa jumbo lodzadza malisiti ofufutika, anangogwira pakamwa, ndipo kulongosola zonsezo ndinalipira modula. Msonkho wa kampani ndi 30 peresenti ya phindu, ndipo annual return, lipoti la kampani lopita ku ofesi yolembetsa makampani ija, imafunika chaka chilichonse, kaya lole yayenda kaya yangokhala pamiyala.

Chenjeraninso ndi banki. Mukasainira ngongole ya kampani ndi chikole cha nyumba yanu, chitetezo chija chatha.

Za kagawidwe ka masheya ndi alamuwo, musangopangana pakamwa pa khonde. Pitani kwa loya akulembereni zomwe zidzachitike wina akafuna kutuluka kapena akamwalira, chifukwa apo abale a mbali zonse adzabwera kudzafunsa za loleyo.