Timapeza zocheperako, kodi angatilole kugula timeshare?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakonda kuwerenga zomwe ndimalemba. Iwo ndi amuna awo aitanidwa kuti akagone masiku atatu pahotelo ina ya m'mbali mwa nyanja pamtengo wotsika kwambiri, bola akakhale nawo pamsonkhano wotsatsa timeshare. Kumunsi kwa uthenga wowaitanawo, m'tizilembo ting'onoting'ono, kwalembedwa kuti obwera akhale a zaka 25 kapena kuposerapo, banja lawo lizipeza madola 60,000 pachaka, akhale ndi khadi la ngongole, ndipo ngati ali pabanja abwere onse awiri. Funso lawo ndi ili: "Ife timapeza zocheperako pang'ono. Ndiye kuti sitingagule? Nanga titangolemba chiwerengero chokwererako, pangakhale vuto?"

Mayi, zikomo pondifunsa musanasaine kalikonse. Ambiri amafunsa zinthu zitaipa kale.

Tiyambe ndi chimene mukufuna kugulacho. Timeshare ndi ufulu wogwiritsa ntchito chipinda kapena nyumba ya pamalo opumulira kwa nthawi yochepa chaka chilichonse, kawirikawiri sabata imodzi. Malonda awa anayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960, ndipo kampani ya Hapimag ya ku Switzerland, yomwe inayamba mu 1963, ndi imodzi mwa zoyambirira. Masiku ano makampani ambiri amagulitsa mapointi, omwe mumasinthanitsa ndi masiku ogona pamalo awo, m'malo mwa sabata yodziwika.

Madola 60,000 aja si lamulo la boma ayi, komanso si malire a amene angagule. Ndi sefa ya kampani. Kukugonekani masiku atatu pamtengo wotsika kumawadyera ndalama, ndiye amafuna kuti amene akhale pampando kutsogolo kwa wogulitsa akhale munthu woti angathe kusaina tsiku lomwelo. Khadi la ngongole akulifuna kuti dipoziti ituluke pompo. Zoti mubwere nonse awiri cholinga chake n'chakuti pasapezeke wonena kuti "ndikafunse kaye anzanga kunyumba." Munthu amene ali ndi ndalama m'manja, makamaka akamagula kwa mwini wakale, kawirikawiri palibe amene amamufunsa za malipiro ake.

Za kukweza chiwerengero, chonde musatero. Akazindikira akhoza kukulipiritsani mtengo wonse wa chipinda chija. Ndipo bodza lomwelo mukalilemba pafomu yopemphera ngongole, lasanduka chinyengo chomwe chingakufikitseni kukhoti.

Kuyesedwa kwenikweni kumabwera mukafuna kugula pangongole. Amayang'ana mbiri yanu yobweza ngongole, ntchito yanu, ndi ngongole zina zimene muli nazo, kenako amafuna dipoziti, nthawi zambiri pafupifupi 10 peresenti ya mtengo. Koma musaone ngati akuchitirani chifundo akakuvomerani. Mabanki ambiri safuna kubwereketsa ndalama zogulira timeshare chifukwa ikangogulidwa mtengo wake umagwa, choncho wobwereketsa amakhala kampani yogulitsayo, ndipo chiwongoladzanja chake chimakhala chokwera kuposa cha ngongole ya nyumba. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mukakongola madola 20,000 pa chiwongoladzanja cha 15 peresenti kwa zaka 10, muzilipira pafupifupi madola 323 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza mudzakhala mutapereka madola oposa 38,000. Zonsezi ndi za sabata imodzi pachaka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chomwe sachitchula mokweza: ndalama zapachaka zosamalira malowo. Ku America, malipoti a bungwe la makampani a timeshare la ARDA amasonyeza kuti ndalamazi zimapitirira madola 1,000 pachaka kwa mwini wamba. Zimakwera pafupifupi chaka ndi chaka. Mupite kutchuthi kapena musapite, mudwale, ntchito ithe, bilu imabwera basi. Mphepo yamkuntho ikasasula denga, eni ake onse amasonkhetsedwa ndalama zina zapadera. Mapangano ena alibe tsiku lothera, moti ngongole ya galimoto imatha, ana amamaliza sukulu, koma iyi ikadalipo. Mukafuna kusinthanitsa sabata yanu kuti mukaone malo ena kudzera ku makampani osinthanitsa timeshare monga RCI kapena Interval International, kumenekonso kuli ndalama za umembala ndi zosinthira. N'chifukwa chake pa eBay, msika wa pa intaneti, mumapeza anthu akugulitsa timeshare yawo dola imodzi yokha. Sikuti malowo ndi oipa, anthuwo angotopa ndi bilu yapachaka ndipo akufuna wina awalandire katunduyo.

Ndiye funso loti mudzifunse ndi amuna anu usiku uno si lakuti "kodi atilola?" Lembani papepala ndalama zobweza ngongole za chaka chonse, muwonjezere zosamalira malo, muwonjezerenso zoyendera kukafika kumeneko. Kenako muone kuti sabata imodzi pahotelo yofanana nayo mungalipire zingati mutangochita lendi. Ngati mukupeza kale zochepera pa malire amene iwo eni aika, ndikukayika ngati masamuwo angakukomereni.

Mukasankha kupitabe kukasangalala ndi masiku atatuwo pamalo ena amene mukukwanira, dziwani zimene zimachitika m'chipinda cha msonkhanowo. Amati msonkhano ndi wa mphindi 90, koma umatha kutenga theka la tsiku. Wogulitsa amalemba mtengo papepala, mukakana amaukhwatcha n'kulemba wina wotsika, kenako amaitana bwana wake amene amakuuzani kuti mwayiwu ndi wa lero lokha. Pemphani kontrakiti mupite nayo kuchipinda kwanu. Akakana kukupatsani, imirirani muzipita.

Ngati mungasaine kenako mtima n'kusintha, malamulo a m'mayiko ambiri amapereka masiku ochepa othetsera mgwirizano popanda chilango. M'mayiko a European Union ndi masiku 14, ndipo lamulo lawo limaletsa wogulitsa kulandira dipoziti nthawi imeneyi isanathe. Ku Florida ndi masiku 10. Musadalire kuimba foni. Lembani kalata, itumizeni ku adiresi imene yatchulidwa mu kontrakiti masikuwo asanathe, ndipo risiti ya kupositi muisunge pamodzi ndi kope la kalatayo.